Chaka Chimene Agogo aZuze Anabereka Khanda Kumsana

Bango likanyikidwa m'madzi limatulutsa fungo lakelake, la matope osakanikirana ndi udzu woyamba kuwola. Ndikalimva, ngakhale ndili pakati pa msika ku Chipata pamene amagulitsa mphasa, ndimawaona agogo aZuze atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Mlolo, miyendo atatambasula, singano yaitali yosulidwa ku sipoko ya njinga atailuma pakamwa, manja akusanja bango long'ambidwa limodzilimodzi. Ankasoka mphasa kuyambira mame asanakamuke mpaka mthunzi wa mtengowo utatembenukira kum'mawa. Phokoso la ntchito yawo linali laling'ono: kuthetheka kwa bango, kukoka kwa chingwe cha khonje, ndi kachifuwa kouma ka munthu amene anasuta chingambwe zaka zambiri. Akamaliza mphasa ankaimenya kamodzi ndi chikhatho n'kunena kuti, "Pulonto," kutanthauza kuti yatha. Amenewa ndiwo mawu okha a Chipwitikizi amene ndinawamva akutuluka pakamwa pawo.

Anali atate awo a atate anga. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atanyamula khasu lopanda mpini ndi singano ija, kutsata mwana wawo amene anali atawoloka kale n'kukwatira kuno. Nkhondo itatha anzawo ambiri anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anakana. "Ndikaone ndani kumeneko? Mitengo?" anatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Mudzi unali wa kwa amayi, atate anali mkamwini, ndiye agogo anali mlendo wa mlendo. Amati mlendo sathyola mphasa, koma iwowa anathyola zingapo, mwayi wake ankasoka okha. Pa milandu ya banja sankaitanidwa, ndipo sankadandaula.

Ine ndi mkulu wanga Esinati ankatitcha akazi awo, monga amachitira agogo ndi adzukulu. Esinati anali mkazi wamkulu, wanzeru za kusukulu. Ine ndinali mkazi wamng'ono, waulesi, amene ankati adzandibweza kwathu tsiku lililonse.

Esinati anatenga mimba ali mu giredi 8, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mwini mimbayo anali mnyamata woyeza thonje amene anabwera nyengo yogula, ndipo nyengo itatha anapita ndi sikelo yake osatembenuka. Masiku amenewo mtsikana akaima, sukulu inali itatha. Mwana anabadwa anthu akukumba mtedza, wamwamuna, wa tsitsi lambiri, ndipo anamutcha Paulo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Kuti zimene zinatsatira zimveke, ndiyenera kunena za tsempho, ngakhale ine ndinazimvetsa ndili wamkulu kale. Kwathu khanda ndi lozizira, ndipo munthu amene akugona ndi mwamuna kapena mkazi wake ndi wotentha. Wotentha akaligwira makolo ake asanalitenge pa mwambo wake, amati limatupa miyendo, kuwonda, kutsokomola, mpaka kufa. Bambo wa mwana akasowa, anamkungwi amakonza mankhwala osambitsa ndi kachingwe ka m'chiuno, aliyense n'kumalinyamula bwinobwino. Koma atate anali otsogolera mapemphero kutchalitchi chathu chaching'ono Lamlungu limene ansembe sanabwere, ndipo anali atanyozeka kale ndi mimba ya mwana wawo. Nkhuyu zodya ana zinali zitapota akulu. Anati mankhwala amenewo salowa m'nyumba mwawo, mwana adzabatizidwa basi. Amayi sanatsutse. Koma iwo anali ataika m'manda mwana mmodzi ine ndisanabadwe, ndipo akuluakulu anawauza kuti linali tsempho. Palibe ulaliki umene ukanachotsa zimenezo mumtima mwawo.

M'chikuta ndi miyezi iwiri yotsatira, amayi ankamunyamula Paulo, kumusambitsa ndi kumutonthoza, chifukwa iwo ndi atate anali akudika, osagonera pamodzi. Kenako atate anati kudikako nakonso ndi chikunja, ndipo kunatha. Kuyambira pamenepo amayi sanamugwirenso mwanayo. Ankachapa matewera, kuphika phala, kutenthetsa madzi, n'kuika zonse pakhomo la kanyumba ka Esinati. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzamuona, n'kuwerama manja ataika kumbuyo, kumuyamikira kuti wanenepa, kenako n'kupita. Onsewa ankachita zimenezi pomukonda mwanayo. Zotsatira zake zinali zakuti mtsikana amene miyezi ingapo m'mbuyomo ankasewera mpira wamanja kusukulu anakhala ndi khanda m'manja tsiku lonse, tsiku lililonse, popanda womulandira. Ngakhale mchere m'ndiwo sankaloledwa kuthira. Ankachita kuitana ine kuti ndimuthirire, ndipo posakhalitsa anangosiya kuphikako.

Ine ndinali mwana, wozizira, ndipo ndikanatha kumulandira. Mmawa ndinkapita kusukulu, masana ndinkazemba kukasewera phada. Paulo ankalira kwambiri ndipo ankandisanzira pa diresi. Sindinena kuti sindinkadziwa kuti mkulu wanga watopa. Ndinkadziwa, koma phada ankakoma.

Esinati anasintha pang'onopang'ono, moti palibe amene angatchule tsiku limene zinayamba. Anasiya kupesa tsitsi. Kusamba ankachita kuuzidwa. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kuchipupa, mwana ali pa mphasa pambali pake akulira, iye akumuyang'ana ngati katundu amene munthu wina wamusungitsa pa siteshoni ya basi. Nthawi zina misozi inkangotsika osalira mawu, osaipukuta. Ankamuyamwitsa ndithu, koma maso ali kwina. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kukankhira nkhuku. Munthu amene ankatha kulakatula mayina a mitsinje yonse ya m'buku la sukulu ankaiwala pamene waika chikho.

Aliyense anali ndi dzina la matendawo. Atate anati ndi manyazi a tchimo, ndipo adzatha akalapa. Anansi ena anati ndi ulesi, ena anati mnyamata uja anamusiyira mankhwala. Amayi, amene ankamukonda kuposa tonsefe, ndiwo ankamukalipira koposa.

"Walira mvula walira matope, mwanawe. Unkayesa mwana ndi chidole? Tamunyamula, akulira!"

Esinati ankamunyamula.

Agogo ankaona zonsezi ali pansi pa mango wawo. Zauchembere si za amuna, makamaka mwamuna wobwera. Ndikukumbukira kuti masiku amenewo mphasa zawo zinkachedwa kutha, ndipo singano inkaima nthawi yaitali m'manja.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, amayi anatuma Esinati kukachapa kudimba, n'kundiuza ine kuti ndimutsatire kukamugwirira mwana. Ndinamutsatira mpaka pa mtengo wa masuku pamene anzanga anali atakumba kale kadzenje ka phada. Ndinati ndisewere kamodzi kokha. Ndinasewera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Kudimba kwathu kunali chitsime chakuya chimene atate anakumba chaka cha chilala, chopanda chivundikiro, ndi mitengo iwiri yopingasa pakamwa pake. Nditafika ndinapeza beseni lili pansi, zovala zisanaviikidwe n'komwe. Paulo anali atagonekedwa pa chitenje pansi pa nthochi, patali ndithu, atafunditsidwa bwino, kansalu kataphimba mutu kuti dzuwa lisamuwombe. Esinati anali atakhala m'mphepete mwa chitsime, miyendo yonse iwiri ili m'kati, akuyang'ana pansi. Patapata zake anali atazivula n'kuziika pamodzi mwaudongo pambali pake.

Agogo anali atafika ine ndisanafike, ndi mtolo wa bango loti akanyike. Anandiona, n'kundiloza ndi chala kuti ndiime pomwepo, ndipo ndinaima. Sanathamange, sanakuwe. Anatula bango lawo, n'kupita pa nthochi paja, n'kumunyamula mwanayo. Aka kanali koyamba kuona munthu wamkulu akumugwira Paulo pa miyezi itatu. Anakhala pansi mapazi angapo kuchokera pa chitsime, mwana ali pachifuwa, n'kutulutsa m'thumba la malaya mpukutu wa khonje.

"Mkazi wanga," anatero ndi mawu a masiku onse, "taona mwamuna mnzangayu wandimanga manja. Chingwe chandithera, ndipo sindingapote ndi dzanja limodzi. Tabwera undigwirire nsonga."

Esinati sanatembenuke.

"Sindikufulumira ayi. Koma ukachedwa bango liuma, ndipo aBanda amene anaitanitsa mphasayi adzati nkhalamba ya ku Mozambique ndi yabodza."

Ndinkamva njiwa ndi ntchentche zokha. Agogo anatambasula dzanja n'kuponya nsonga ya khonje, ndipo inagwera pa ntchafu ya Esinati. Iye anaiyang'ana, kenako anaigwira. Agogo anakoka pang'ono, monga amachitira munthu poyesa ngati chingwe chalimba, ndipo anapitiriza kukoka pang'onopang'ono mpaka Esinati anatulutsa mwendo umodzi, kenako wina, n'kukwawira pamene iwo anali. Anapota chingwe pamenepo mpaka chinatalika mikono ingapo. Palibe amene anatchula chitsime.

Pobwerera kumudzi agogo anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Zimene waonazi si za pa phada. Kwa amako ndikanena ndekha."

Ananenadi madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, amayi akupeta mphale. Amayi anagwetsa lichero. Mawa lake anatumiza uthenga kwa mlongo wawo, amalume athu, amene ankagwira ntchito ku boma ku Chadiza ndipo ndiwo anali mwini mbumba. Yankho linabwera patapita masiku anayi: mwanayo ali pangozi, amalume ndi akazi awo adzabwera kudzamutenga mvula isanagwe, akamulere ku boma ndi mkaka wa m'chitini. Za Esinati uthengawo unangoti aziyang'aniridwa asapitenso kudimba. Atate anavundikira chitsime ndi malata akale n'kutsindira miyala.

Agogo atamva anangopukusa mutu. "Ine ndinati wodwala ndi mayi. Iwo amva kuti mwana achoke."

Mmawa wotsatira anapita kwa amayi n'kupempha chitenje. Amayi anadabwa, n'kufunsa kuti n'chachiyani.

"Ndibereke mdzukulu wanu."

"Atate, zimenezo sizichitika. Nanga tsempho?"

"Tsempho kwa ine? Mayi, ine ndine wozizira ngati mtsuko wa pakona. Mkazi ndinamuona komaliza inu musanakwatiwe. M'mudzi muno mulibe wozizira kuposa ine, ngakhale kamtsikana kanu kaulesika."

Amayi anafuna kuseka, anafunanso kukwiya, koma pa mwambo womwewo umene ankauopa panalibe chowatsutsa nacho. Anawapatsa chitenje chobiriwira chokhala ndi zithunzi za nsomba.

Kubereka sankadziwa. Tsiku loyamba mwana analendewera m'chiuno ngati thumba la mbewu, ndipo amayi anachita kuwalangiza ali chapatali, manja ali kumbuyo. "Werameni! Kokerani m'mwamba! Mfundoyo pachifuwa!" Sabata isanathe anali atazolowera. Ankasoka mphasa atawerama, Paulo ali kumsana akugona ndi kugwedezeka kwa mapewa awo. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Amuna opita kumowa ankaima panjira n'kufuula, "Madala, mwachira liti? Bwanji osatiuza tibweretse nkhuni?" Agogo ankayankha osadzutsa mutu, "Dzulo. Nkhunizo bweretsani, sizinachedwe."

Agogo anamuuza Esinati kuti azigona m'kanyumba kawo masana, pa mphasa yatsopano, chitseko chitatsekedwa. Ankamudzutsa pokhapokha mwana akafuna bere, ndipo akangomaliza kuyamwa ankamutenganso. Masiku oyamba ankagona ngati wakomoka, kuyambira mmawa mpaka dzuwa litapendeka. Akadzuka ankamukhazika pambali pawo n'kumupatsa khonje kuti azipota pa ntchafu. Sankamufunsa kuti akuganiza chiyani, sankamulangiza kalikonse. Ankamuuza za mitengo ya mphasa ku Zemba, za aBanda amene ankafuna mphasa yaikulu ngati bwalo la mpira, za mwamuna mnzawo wa kumsanayo amene ankati akuwalanda mkazi ndiponso kuwakodzera. Akamawotcha mbatata ankaibenthula pakati n'kunena kuti mano awo sangathe yonse. Mwina pa sabata yachitatu ndi pamene ndinamva Esinati akuyankha ndi mawu oposa awiri.

Tsiku la sikelo agogo anabwereka njinga ya atate. Sankatha kupalasa ndi katundu, choncho anamukweza Esinati pa kaliyala n'kumakankha, mwana ali kumsana, ulendo wa maola awiri. Zimene zinachitika kukiliniki anandiuza Esinati patapita zaka zambiri. Anamwino anamuyeza Paulo, n'kulemba pa khadi, n'kuitana wotsatira. Agogo sanasunthe pamzere wa amayi okhaokhawo.

"Mwamuyeza uyu, ali bwino. Nanga uyu?" anatero akuloza Esinati.

Anamwinowo, mayi wachikulire wa magalasi, anamuyang'ana Esinati kwa kanthawi, kenako anamuuza kuti adikire mpaka mzere uthe. Anamulowetsa m'chipinda n'kutseka chitseko. Anamufunsa ngati amagona, ngati amadya, ngati anaganizapo zodzichotsera moyo. Esinati anati palibe amene anali atamufunsapo molunjika chonchi, ndipo anapezeka akuyankha zoona. Anamwino anamuuza kuti ndi matenda, amabwera kwa amayi ena akabereka, aang'ono ndi aakulu omwe, okwatiwa ndi osakwatiwa, ndipo amatha. Mankhwala ake enieni analibe pa kiliniki yaing'onoyo. Anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi, n'kumuuza kuti azibwera sabata ziwiri zilizonse, tsiku lopanda mzere, adzangocheza. Kwa agogo anati, "Asamakhale yekha, azigona, azidya. Ndipo mwana asamuchotsere, mungamuwonjezere chisoni." Agogo anapempha kuti mawu omalizawo awalembe papepala.

Amalume anafika Loweruka lina mitambo itayamba kusonkhana, atavala shati yoyera, akazi awo atanyamula shawelo yatsopano ndi botolo la mwana. Sanali anthu oipa. Analibe mwana wawo, ndipo anali atagula kale kabedi. Anayala mphasa pabwalo, amalume pampando, atate pa kampando kena chapambali monga mkamwini, amayi ndi azakhali, akazi a amalume aja, pansi. Esinati anakhala kumapeto kwa mphasa atazolika. Ine ndinakhala pakhonde, ndipo palibe anandithamangitsa.

Agogo sanaitanidwe, koma mwana amene ankakambidwayo anali kumsana kwawo, ndiye anayenera kubwera. Anapereka pepala la anamwino kwa amalume. Amalume analiwerenga n'kulipinda.

"Tamva, madala, ndipo tikuthokoza pa zonse mwachita. Koma anamwino sakhala pamudzi pano. Tsiku lina adzalowa naye m'chitsime mwanayu, ndipo anthu adzafunsa ine. Iyi ndi mbumba yanga. Tamumasulani."

Agogo anamasula mfundo, n'kumuzunguza mwana kubwera naye kutsogolo. Azakhali anatambasula shawelo. Koma agogo anakhala pansi, mwana ali pamiyendo.

"Mbumba ndi yanu, ine ndilibe mawu pano. Ndingonena za kwathu, kenako mumutenge." Anatembenukira kwa atate. "Iwe Andireya, unauzidwa kuti amako anafa ndi malungo uli khanda."

Atate anadzutsa mutu. "Inde, atate."

"Sanali malungo. Dzina lake Joana, anali msinkhu wa mwana wakoyu. Utabadwa anakhala chete, chimodzimodzi. Ine ndinasunga mwambo wonse. M'chikuta sindinalowe, mwana sindinamugwire, mchere sunalakwike. Akuluakulu anati mkaziyu alibe mtima wa umayi, ndipo anakutenga iwe n'kukupereka kwa azakhali ako. Ine ndinavomera, ndinati akulu akudziwa. Anakutenga Lachiwiri. Lachisanu tinamuvuula mumtsinje." Anatsokomola kachifuwa kawo kaja. "Iwe unakula, ndipo lero uli pano. Mwana anapulumuka ndithu. Ndangoti mudziwe mtengo wake."

Atate anali ndi zaka zoposa makumi anayi, ndipo aka kanali koyamba kumva dzina la amayi awo likutchulidwa pamodzi ndi mtsinje. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo, kenako anachivalanso.

Agogo anadzuka movutikira, n'kudutsa shawelo ija, n'kukamuika Paulo pamiyendo ya Esinati. "Mwana ali ndi mwini wake. Kuyambira mwezi watha mukukambirana, ndani wamufunsa?"

Amalume, kunena zoona, anachita manyazi. Anatsitsa mawu. "Esinati, mwana wa mlongo wanga, tanena. Timutenge?"

Paulo anali atagwira chala cha Esinati n'kumachikokera kukamwa.

"Ndimamuopa, amalume," anatero Esinati. "Akalira ndimamva ngati mutu uphulika. Masiku ena sindimva kalikonse pa iye, ndipo ndimadziona ngati chinyama." Anapuma. "Koma musamutenge. Mukamutenga ndiye kuti zimene amanena anthu n'zoona."

Azakhali ndiwo anayamba kupinda shawelo. Anaipinda kanayi n'kuiika pa mphasa pafupi ndi Esinati, n'kunena kuti kukubwera mvula, mwana adzaifuna. Amalume anati adzabweranso pa Khirisimasi kudzaona mmene zilili, ndipo anafunsa kuti kodi nkhalamba yokha ingakwanitse kulera khanda dzinja lonse, anthu ali kumunda. Funsolo linali loona. Anapita kukadikira minibasi kumsewu.

Tsiku lomwelo dzuwa likupendeka, ndinaona atate akutuluka m'nyumba atanyamula mphasa ndi bulangeti lawo, kupita ku kanyumba ka agogo. Atate anandiuza kuti chifuwa cha agogo chakula, pafunika munthu wogona nawo pafupi. Ndinakhulupirira zaka zambiri, ndisanazindikire kuti ankawapatsa amayi mpata woti azizirenso. Anagona kumeneko miyezi isanu, mpaka Paulo atabatizidwa pa Pasaka n'kuyamba kuimirira. Patapita masiku atatu chisamukire atate, amayi anasamba m'manja, n'kupita kwa Esinati, n'kutambasula manja. Atamulandira mwanayo anamununkhiza m'khosi nthawi yaitali. Atate sanavomere kuti tsempho liliko, amayi sanavomere kuti kulibe, ndipo nkhaniyo sinakambidwenso m'banja mwathu.

Sindinganene kuti Esinati anachira sabata yomweyo. Panali masiku amene ankabwerera kuseri kwa nkhokwe, ndipo agogo ankangonyamula khonje lawo n'kukakhala komweko. Kukiliniki Esinati anapita dzinja lonse, nthawi zina m'matope ofika m'mawondo. Ine ndinachepetsa phada, osati chifukwa cha ubwino wa mtima, koma chifukwa patapata zija zinkandibwerera m'maso. Tsiku lina chimanga chitayamba kumasula ndinamumva akumuimbira Paulo nyimbo ya kusukulu, yowerengera manambala, poti ya ana sankaidziwa. Kusukulu sanabwererenso. Lero amagulitsa mtedza ndi nyemba pamsika ku Chadiza, ndi mayi wosalankhula zambiri, ndipo Paulo ndi mphunzitsi, wamtali kuposa tonse.

Agogo anamwalira zaka zitatu pambuyo pake, nyengo yozizira, atasiya mphasa yosatha. Anawakulunga m'mphasa ina imene anasoka okha. Pa Misa ya maliro atate anapempha kuti patchulidwe mayina awiri, Zuze ndi Joana, ndipo anthu ambiri anafunsana kuti Joanayo ndi ndani.

Singano ija ili ndi Esinati. Ine sindinatenge kanthu kogwirika, ndinangotengera khalidwe limene anthu ena amaliona ngati lamwano. Kukabadwa mwana kwa mnansi kapena kwa wachibale ndimapita monga amapitira aliyense, ndi sopo ndi kaufa, koma m'chikwama ndimaikamo chitenje chapadera. Pakhomo amandilozera khanda, ine ndimati ndiliona pambuyo. Ndimayamba ndakhala pansi pafupi ndi mayiyo n'kumufunsa kuti tulo tokwanira anagona liti. Ambiri amaseka, n'kunena kuti tulo ndi mwana siziyendera limodzi, ndipo timaseka tonse. Chaka chatha mtsikana wina wa kuseri kwa nyumba yanga, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, sanaseke. Anayang'ana kuchipupa. Ndinatulutsa chitenje chija, n'kuwerama, n'kuuza amayi ake kuti andiikire mwanayo kumsana.